Mwapopera Koma Chimanga Chikudyekabe: Kuzindikira Gulugufe wa Mbozi Yachilendo ndi Kukonza Zimene Zikulakwika

Chimanga chikangofika m'mawondo, dandaulo limene alangizi a zaulimi amalimva kawirikawiri ndi lakuti mlimi wapopera mankhwala kawiri kapena katatu, ndalama zapita, koma masamba akung'ambikabe ndipo mumtima mwa chimanga mwadzaza ndowe zonga utuchi wonyowa. Ambiri amathamangira kunena kuti mankhwalawo ndi achinyengo, ndipo nthawi zina zimakhaladi choncho, koma kawirikawiri vuto limayambira patali. Mlimi amakhala akulimbana ndi chilombo chimene sanachizindikire bwino, kapena wachizindikira koma wachipeza pa msinkhu umene mankhwala sangachifikenso. Mbozi imene ikudya chimangayo ndi mwana wa gulugufe wouluka usiku, ndipo zochita zake zonse, kuyambira malo obisala mpaka nyengo imene imachuluka, zimamveka bwino munthu akadziwa mtundu wa gulugufeyo, kumene adachokera ndi momwe thupi lake lilili.

Dzina limodzi, zilombo zingapo

Chisokonezo choyamba chili m'mayina. Dzina lakuti ntchemberezandonda lidalipo kale mbozi yachilendoyi isanafike, ndipo linkanena za mbozi zathu zakuno zimene zimabuka mwadzidzidzi kumayambiriro kwa dzinja n'kumayenda molondana m'chigulu, kumeta udzu, mapira ndi chimanga. Itafika yachilendoyi anthu adaipatsa dzina lomwelo, ena n'kumaitchula kuti kapuchi chifukwa chakuti nayonso amaipeza mumtima mwa chimanga. Zilombozi n'zapachibale ndithu, koma sizikhala mofanana ndipo sizithetsedwa mofanana.

Akatswiri a tizilombo amaika agulugufe onse, a masana ndi a usiku omwe, m'gulu lalikulu lotchedwa Lepidoptera, dzina lonena za mapiko okutidwa ndi timamba tating'onoting'ono timene timatsalira pa zala ngati fumbi munthu akamugwira gulugufe. M'gululi muli banja la Noctuidae, la agulugufe a usiku a matupi onenepa ndi mapiko otuwa, ndipo m'banjamo muli fuko la Spodoptera. Mbozi yachilendo ndi Spodoptera frugiperda, imene James Edward Smith adaifotokoza koyamba mu 1797 ndi dzina lakuti Phalaena frugiperda, ndipo m'mabuku akale a zaulimi imapezekanso ndi dzina lakuti Laphygma frugiperda. Mawu akuti frugiperda ndi achilatini onena za kutayika kwa zokolola. Ntchemberezandonda zathu zakale ndi Spodoptera exempta, za fuko lomwelo. Kapuchi wa m'madera okwera ndi Busseola fusca, wa banja lomwelo koma fuko lina, pamene kapuchi wamadontho wa m'madera otsika ndi otentha ndi Chilo partellus, wa banja lina lotchedwa Crambidae, amene adachokera ku Asia ndipo mu Africa muno adayamba kuonekera m'Malawi momwe muno cha m'ma 1930. Palinso mbozi ya thonje, Helicoverpa armigera, imene imadya nandolo ndi tomato ndipo imalowanso m'chimanga chikabereka. M'munda umodzi mukhoza kupezeka ziwiri kapena zitatu mwa zimenezi pa nthawi imodzi, choncho ntchito yoyamba isanafike ya mpope ndi kufunyulula mtima wa chimanga, kutulutsa mbozi ndi kuiika pa chikhatho.

Zoyang'ana pa thupi la mbozi

Thupi la mbozi lili ndi mutu wolimba, zigawo zitatu za pachifuwa zimene chilichonse chili ndi miyendo iwiri yeniyeni, ndi zigawo khumi za mimba. Pansi pa mimba pali timiyendo tonenepa togwirira, tinayi mbali iliyonse, ndi tiwiri tina kumapeto kwenikweni. Mbozi ya frugiperda ikakula imafika mamilimita 35 mpaka 40, ndipo mtundu wake umasinthasintha, ina yobiriwira, ina yofiirira, ina yoderako, moti mtundu wokha si umboni. Zizindikiro zodalirika ndi ziwiri. Pamutu pali mzere woyererako wooneka ngati chilembo Y chozondoka, ndipo pa chigawo chachisanu ndi chitatu cha mimba, kufupi ndi kumchira, pali madontho anayi akuda otukuka amene adakhala ngati ngodya zinayi za bokosi. Pa zigawo zina madonthowo aliponso koma sadalingane motero, chifukwa awiri akutsogolo ndi oyandikana kuposa awiri akumbuyo. Pamsana pamatsika mizere itatu yopyapyala yoyererako, ndipo m'mbali muli mzere waukulu wakuda wotsatana ndi wina wachikasu.

Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya. Zikwangwani ndi timapepala tophunzitsira zidatchukitsa kwambiri chilembo Y chija, moti mlimi akangochiona amati wamaliza, chikhalirecho mzere woterewu umaonekanso pa abale ake a m'banja lomwelo, kuphatikizapo ntchemberezandonda zakuno. Chilembo chokha chopanda madontho anayi aja sichikwanira. Ntchemberezandonda zakuno zikakhala m'chigulu zimakhala zakuda bii pamsana, zobiriwira kumimba, khungu lake losalala, ndipo zimadya poyera masana zambirimbiri pa mbewu imodzi, kuyambira m'mphepete mwa tsamba mpaka kusiya msempha wapakati wokha. Kapuchi wa Busseola ndi wotumbuluka, nthawi zina wofiirirako, alibe mizere yooneka bwino ndipo mutu wake ndi woderapo. Kapuchi wa Chilo ali ndi madontho ambiri pamsana, koma ndi wamng'ono, woyererako, ndipo akakula amapezeka m'kati mwa phesi. Mbozi ya thonje ndiyo yovutirapo kusiyanitsa, koma khungu lake ndi lokhakhala munthu akalisisita ndi chala, pamene la frugiperda ndi losalala.

Ngati mbozi ili yaing'ono kwambiri, yosapitirira njere ya mpunga, zizindikirozi sizioneka ndi maso. Njira yabwino ndi kuiika m'kabotolo koboola ndi tsamba laliwisi la chimanga, kusintha tsambalo tsiku ndi tsiku, ndi kuiyang'ananso pakatha masiku anayi kapena asanu. M'botolo limodzi muzikhala mbozi imodzi, popeza za mtundu umenewu zikakula zimadyana. Khalidwe limeneli ndi umboni wina wothandiza m'munda: ngakhale gulugufe amaikira mazira mazanamazana, mumtima mwa chimanga chimodzi mumapezeka mbozi yaikulu imodzi kapena ziwiri zokha.

Pamene masamba aonongeka koma mbozi sikuoneka

Kadyedwe kamanena msinkhu wa mbozi. Mbozi zongoswa kumene zimangopala tsamba mbali imodzi n'kusiya kakhungu koonekera kuwala ngati pepala lothimbirira ndi mafuta, ndipo pa msinkhu umenewu zimalendewera pa ulusi n'kutengedwa ndi mphepo kupita pa mbewu zoyandikana. Zikakula zimatsikira mumtima n'kumadya masamba asanatambasuke, moti akatuluka amakhala ndi mabowo akuluakulu ong'ambika mopanda dongosolo, pamodzi ndi ndowe zambiri. Kapuchi amasiya timabowo tating'ono tondandalikana mopingasa tsamba, ndowe zake n'zochepa, kenaka amaboola phesi ndipo mtima wa chimanga umauma.

Ndowe zikakhala zonyowa ndi zobiriwira, mbozi ilimo ndipo yabisala pansi pake. Zikakhala zouma ndi zotuwa, masamba atsopano n'kumatuluka osadyeka, mboziyo idatsika kale kulowa m'nthaka, ndipo kupopera pa nthawi imeneyi ndi kutaya ndalama pa mbewu imene ikuchira yokha. Chimanga chodyetsedwa bwino feteleza kapena manyowa chimapirira kudyedwa masamba kuposa momwe maso amaganizira, ndipo munda wooneka womvetsa chisoni mu Januwale ukhoza kubereka ndithu ngati mtima sunadulidwe.

Pamene mankhwala akuoneka ngati sakugwira ntchito

Gulugufe wamkazi amaikira mazira usiku, 100 mpaka 200 pamalo amodzi, kawirikawiri pansi pa tsamba, n'kuwakuta ndi ubweya wotuwa wochokera kumimba kwake, moti amaoneka ngati kachuku. M'moyo wake wonse akhoza kuikira mazira oposa 1,000. Kukatentha amaswa pa masiku awiri kapena atatu, ndipo mbozi imadutsa misinkhu isanu ndi umodzi pa masiku pafupifupi 14, kapena kufika 30 kukazizira. Chakudya chochuluka kwambiri imachidya pa misinkhu iwiri yomaliza, ndipo apa ndi pamene mlimi amadzidzimuka n'kuthamangira ku sitolo. Tsoka lake n'lakuti pa nthawiyo mbozi ndi yolimba, ili pansi penipeni pa mtima, ndipo ndowe zake zatseka pamwamba ngati chivindikiro. Mankhwala owazidwa pamwamba pa masamba masana dzuwa likuswa mtengo amauma osaikhudza.

Kukonza kwake kumayamba ndi kuyendera munda kamodzi kapena kawiri pa mlungu chimanga chikangomera. Munthu ayende mokhotakhota ngati chilembo W, kupewa mizere ya m'mphepete, ayime malo asanu ndi kuyang'ana mbewu khumi pamalo aliwonse, zonse pamodzi 50. Malangizo amene alangizi ambiri amatsata ndi akuti chimanga chikadali chaching'ono mlimi achitepo kanthu akapeza mbewu 10 mwa 50 zili ndi kudyedwa kwatsopano, ndipo chikakula kuyandikira kumasula ngayaye adikire kufikira mbewu 20 mwa 50. Zikakhala zochepera apo, kuphwanya mazira ndi zala ndi kutola mbozi kumakwanira m'munda waung'ono. Popopera, nthawi yabwino ndi madzulo kapena m'mamawa pamene mbozi zatuluka kudzadya, ndipo kamwa la mpope lilunjike mumtima mwa mbewu iliyonse, osati kungowaza pamwamba munthu akuyenda mothamanga.

Ngati zonsezi zachitidwa bwino koma mbozi zazing'ono zikupulumukabe, ndi pamene mankhwalawo ayenera kukayikiridwa. Mbozi iyi idafika kuno itazolowera kale mankhwala ena akale amene alimi a ku America adawagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, makamaka a m'gulu la cypermethrin ndi ena ofanana nawo. Kuwonjezera mlingo sikuthandiza, kumangopha nyerere, mavu ang'onoang'ono ndi tizilombo tina timene timadya mazira ndi mbozi, ndiponso kumaika moyo wa wopopera pa chiswe. Chofunika ndi kusintha gulu la mankhwala, ndipo apa mlimi ayang'ane dzina la mankhwala enieni olembedwa m'timalemba tating'ono pa botolo, monga emamectin benzoate, spinetoram kapena chlorantraniliprole, popeza mabotolo a mayina osiyana akhoza kukhala ndi chinthu chimodzimodzi m'kati. Mankhwala otsanulidwa m'timabotolo topanda chizindikiro, amene amagulitsidwa pa misika ya m'midzi, palibe amene angatsimikize mphamvu yake.

Njira zapakhomo zimene alimi ambiri adayesa, monga kuthira dothi, mchenga kapena phulusa mumtima mwa chimanga, kupopera madzi a masamba a nimu kapena ombwe, ndi kuthira msuzi wa usipa kuti uitane nyerere, zimagonjera lamulo lomwelo la msinkhu. Pa mbozi zazing'ono zimathandiza, pa zazikulu zimalephera kawirikawiri, ndipo phulusa likachuluka limawaula masamba anthete.

Pamene mbozi zikubweranso pakatha milungu itatu kapena inayi

Mbozi ikakhwima imatsika n'kulowa m'nthaka masentimita 2 mpaka 8, kumene imadzimangira kachipinda ka dothi ndi ulusi n'kusanduka chikwa chofiirira chonyezimira, chotalika mamilimita 14 mpaka 18. Kukatentha gulugufe amatuluka pakatha masiku asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi, ndipo amakhala ndi moyo masiku pafupifupi khumi. Ulendo wonse kuchokera pa dzira kufika pa dzira lina umatenga mwezi umodzi m'nyengo yotentha ndi miyezi iwiri kapena itatu m'nyengo yozizira. Choncho mbozi zimene zaoneka mu Febuluwale m'munda umene udapoperedwa mu Januwale si zimene zidapulumuka, koma ndi ana a zimene zidali m'nthaka pa tsiku lopopera, kapena a agulugufe ochokera kwina.

Kuti zimenezi zimveke bwino, tiyenera kuyang'ana kwawo kwa gulugufeyu. Iye ndi wa m'madera otentha a ku America, kuyambira ku Argentina kudutsa ku Brazil, Mexico ndi zilumba za Caribbean mpaka kummwera kwa United States. Alibe njira yogonera tulo tatitali m'nyengo yozizira monga amachitira agulugufe ena, moti ku United States amapulumuka chisanu kummwera kwa Florida ndi Texas kokha, kenaka chaka chilichonse mibadwo yake imauluka chakumpoto mpaka kufika ku Canada. Dzina lake lachingerezi lakuti fall armyworm likunena za nyengo ya kugwa kwa masamba, imene mbozizi zimachuluka m'madera akumpotowo. Mothandizidwa ndi mphepo, gulugufe mmodzi akhoza kuuluka makilomita 100 usiku umodzi. Mu Africa adatsimikizidwa koyamba kumayambiriro kwa 2016 ku Nigeria, Benin, Togo ndi ku São Tomé ndi Príncipe, ndipo pofika dzinja la 2016 mpaka 2017 adali atafika ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique. Mu Disembala 2017 Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti maboma 20 mwa maboma 28 a dziko la Malawi ali pa ngozi chifukwa cha mbozizi. Mu 2018 adapezeka ku Karnataka m'dziko la India, kumayambiriro kwa 2019 adali ku Yunnan m'dziko la China, ndipo mu 2020 adafika ku Australia.

Kuno kulibe chisanu chomupha, choncho amaswana chaka chonse malinga chakudya chilipo. Chimanga cha m'madimba ndi cha mthirira, monga cha ku Chigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja, chimamusunga m'chilimwe kufikira mvula yoyamba, ndipo ngakhale amakonda chimanga kwambiri, adalembedwa pa mitundu ya zomera yoposa 350, kuphatikizapo mapira, mawere, mpunga, nzimbe ndi udzu wamba. N'chifukwa chake kuotcha mapesi, kumene alimi ena amachita poganiza kuti akupha mbewu ya chilombochi, sikuthandiza kanthu. Amene amagona m'mapesi ouma kudikira mvula ndi kapuchi, ndipo ngakhale iyeyo amathetsedwa mwa kudyetsa mapesi ku ng'ombe kapena kuwagoneka pansi padzuwa, osati ndi moto umene umasiya nthaka pambalambanda. Chimene chimathandizadi pa frugiperda ndi kubzala ndi mvula yoyamba yokwanira, ndiponso kubzalira limodzi ndi oyandikana nawo minda, chifukwa munda wobzalidwa mochedwa umalandira agulugufe onse oswedwa m'minda imene idatsogola. Kusakaniza chimanga ndi nyemba, khobwe kapena nandolo kumachepetsa kuonongeka, monganso njira imene bungwe lofufuza za tizilombo la icipe la ku Kenya lidakonza, yobzala chomera cha m'gulu la nyemba chotchedwa Desmodium pakati pa mizere ndi nsenjere kapena udzu wa Brachiaria kuzungulira munda. Nyengo nayo ili ndi mbali yake: mvula yamphamvu imakokolola ndi kumiza mbozi zazing'ono, pamene ng'amba ya pakati pa dzinja imazichulukitsa, choncho mvula ikadula kwa mlungu umodzi kapena iwiri, kuyendera munda kuyenera kuwirikiza.

Pamene msampha wadzaza kapena uli mbee

M'madera ambiri alangizi ndi alimi otsogolera adalandira misampha yooneka ngati ndowa, yokhala ndi kanyambo kotulutsa fungo la gulugufe wamkazi, ndipo bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO lidakonza pulogalamu ya pa foni yotchedwa FAMEWS yolembera zimene zagwidwa. Msampha umagwira amuna okha, ndipo ntchito yake ndi kuchenjeza, osati kuteteza munda. Ukagwira agulugufe ambiri, tanthauzo lake n'lakuti mazira ayamba kuikiridwa ndipo munda uyenera kuyenderedwa mlungu womwewo, osati kuti mpope utuluke.

Powerenga pamafunikanso maso, chifukwa m'msampha mumagwa agulugufe ena a banja lomwelo, makamaka wina wotumbuluka ngati udzu wouma wotchedwa Leucania loreyi. Gulugufe wa frugiperda akatambasula mapiko amafika mamilimita 32 mpaka 40. Mapiko akutsogolo a wamwamuna ndi osakanikira kutuwa ndi kufiirira, ali ndi banga loyera kunsonga ndi kabanga kena kotumbuluka kopendekeka chapakati, pamene a wamkazi ndi otuwa mofanana opanda mawanga ooneka bwino, moti munthu wosadziwa angawayese mitundu iwiri yosiyana. Mapiko akumbuyo a onse awiri ndi oyera monyezimira ndi kamzere kakuda m'mphepete. Gulugufe akakhalitsa m'msampha timamba tija timapululuka ndipo mawanga amafufutika, choncho msampha uzikhuthulidwa mlungu uliwonse. Wamwamuna wa ntchemberezandonda zakuno amafanana kwambiri ndi wa frugiperda, ndipo pakakhala kukayika zitsanzo zipite kwa mlangizi kuti azitumize ku malo a kafukufuku monga Chitedze kapena Bvumbwe, popeza chigamulo chenicheni chimafuna kuunika ziwalo zoberekera pa makina okuzira zinthu. Mtundu wa frugiperda ulinso ndi magulu awiri, lina lokonda chimanga ndi mapira, lina lokonda mpunga ndi udzu, amene maso sangawasiyanitse konse koma kuyeza DNA.

Msampha ukakhala wopanda kanthu pamene m'munda muli mbozi, kawirikawiri kanyambo katha mphamvu chifukwa chokhalitsa kapena chosungidwa potentha, kapena chimanga chakula kupitirira msampha n'kutsekereza fungo. Kanyambo kasinthidwe pa nthawi imene opanga adalemba, kosagwiritsidwa ntchito kasungidwe pozizira, ndipo msampha uzikwezedwa kuti nthawi zonse ukhale pamwamba pang'ono pa nsonga za chimanga.

Pamene mbozi yalowa m'chimanga chobereka

Ngayaye zikatuluka mtima umatha, ndipo mbozi zimene zidali mmenemo zimasowa pobisala n'kutsikira ku chimanga chimene changobereka. Ya frugiperda imakonda kuboola makoko cham'mbali kapena chakutsinde, pamene mbozi ya thonje imalowera kunsonga kutsata ndevu. Apa chiwonongeko chimagwera pa njere zenizeni, ndipo bowo limene yasiya limalowetsa madzi ndi chuku, chimene china mwa icho chimatulutsa poizoni wa aflatoxin. Mbozi ikalowa m'makoko mankhwala saifikanso, ndipo kupopera chimanga chimene ana adzayamba kuotcha pakatha milungu iwiri ndi ngozi yoposa phindu lake. Mpata womaliza wochitapo kanthu ndi masiku ochepa ngayaye zisanamasule, pamene mbozi zikadali mumtima. Zikadutsa pamenepo, chotsala ndi kutola ndi manja zimene zikuoneka, kukolola chimanga chikangouma osachisiya nthawi yaitali pa mkukwe, kupatula chobooledwa ndi chachuku kuti chisalowe m'nkhokwe pamodzi ndi chabwino, ndi kuyanika chotsalacho mpaka njere izilira pa dzino isanathiridwe m'thumba.